Nkhuni, makala, gasi, ethanol kapena gasi wa ndowe: tiphikire chiyani kuno kuchigwa cha Shire?

Amene akumanga khitchini yatsopano, amene akutsegula malo ogulitsira nsima pa Nchalo, ngakhale mphunzitsi amene wangotumizidwa ku Bangula, onse amafika pa funso limodzi: moto tiziutenga kuti? Ambiri amafunsa mtengo wa thumba la makala, n'kufunsa wa silinda ya gasi, n'kutenga chotsika mtengo. Masamu amenewa ndi operewera. Chimene chimapsetsa nyemba ndi kutentha kumene kwalowa mumphika, ndipo kutenthako kumasiyana kwambiri ndi kukula kwa thumba limene mwanyamula pa kabaza.

Muyeso umene tigwiritse ntchito

Chinthu chikamayaka, carbon ndi hydrogen zimene zili m'kati mwake zimagwirana ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi. Kulekanitsa maatomu amene anagwirana kale kumadya mphamvu, pamene kugwirana kwatsopano kumatulutsa mphamvu. Yotuluka ikaposa yodyedwa, yotsalayo timaimva ngati kutentha. Kusiyana kumeneku ndi kumene ana a Chemistry kusekondale amalemba kuti ΔH, kusintha kwa enthalpy, ndipo amaika chizindikiro chochotsera kutsogolo kwa nambala ngati kutentha kukutuluka. Amayi opanga sopo amakudziwa bwino: soda wopangira sopo (caustic soda) akathiridwa m'madzi chidebe chimatentha. Mlimi naye amadziwa mbali inayo, chifukwa feteleza wa yureya akasungunuka m'madzi, madziwo amazizira, kusonyeza kuti pamenepo mphamvu ikulowa.

Chinthu chilichonse choyaka chili ndi malire a kutentha kumene chingapereke. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino imapereka pafupifupi 16 MJ (MJ, kapena megajoule, ndi muyeso wa mphamvu ya kutentha), ya makala 29 MJ, ya gasi wa m'silinda 46 MJ, pamene lita imodzi ya ethanol, mowa woyaka wopangidwa kuchokera ku nzimbe, imapereka 21 MJ. Palibe mbaula, kaya yokongola bwanji, imene ingatulutse zoposa apa. Wogulitsa akakuuzani kuti mbaula yake imachulukitsa moto, dziwani kuti imangochepetsa wotayika.

Ndipo wotayika ndi wambiri. Njira yoyamba ndi madzi. Kuti lita imodzi ya madzi owira isanduke nthunzi pamafunika 2.26 MJ. Yerekezani ndi izi: kutenthetsa malita 5 kuchoka pa madigiri 30, mmene amakhalira madzi a mumtsuko mu Okutobala kuno, mpaka awire pa madigiri 100, kumafuna pafupifupi 1.5 MJ basi. Ndiye kuti mphika wosavundikira umene waphwetsa lita imodzi wadya moto woposa umene unawiritsa malita 5 aja. Nkhuni zaziwisi zimachita zomwezo m'kati mwake, moto umayamba waumitsa nkhuni usanafike pamphika.

Njira yachiwiri ndi kuchepa kwa mpweya. Magalamu 12 a carbon akapsa mokwanira mpaka kukhala carbon dioxide amatulutsa 393.5 kJ (1,000 kJ ndiye 1 MJ). Mpweya ukachepa amathera panjira, pa carbon monoxide, ndipo amatulutsa 110.5 kJ yokha. Otsala 283 kJ amauluka ndi mpweya wapoizoniwo osagwira ntchito. Katswiri wa Chemistry Germain Hess anaonetsa mu 1840 kuti kutentha konse kumakhala kofanana kaya kusinthako kwachitika kamodzi kapena m'magawo, monga mmene munthu wochoka ku Blantyre kupita pa mlatho wa Kamuzu amatsika mtunda womwewo kaya waima pa Thabwa kapena wangodutsa. Moto wofuka utsi ndi moto umene waima pa Thabwa osapitirira.

Njira yachitatu ndi mbaula yeniyeniyo, kuchuluka kwa kutentha kumene kumathawira m'mbali. Tikaphatikiza zonsezi, muyeso wathu ukhala malita 5 aja: kodi pamafunika zochuluka bwanji kuti awire? Pamwamba pake tiona zinthu zinayi pa njira iliyonse yophikira: mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe, ndi zoopsa.

Nkhuni, pamafuwa kapena pa Chitetezo Mbaula

Pamafuwa atatu, kutentha kolowa mumphika kumakhala pakati pa 10 ndi 15 pa 100 alionse. Malita 5 aja amadya nkhuni pafupifupi magalamu 800. Pa mbaula yadothi ngati Chitetezo, yotchinga mphepo ndi kusonkhanitsa lawi pansi pa mphika, mukhoza kufika cha m'ma 25 pa 100, nkhuni n'kutsika mpaka theka ngati wosonkha moto ali wosamala. Kunyumba zenizeni phindu limacheperako, chifukwa anthu amadzaza nkhuni pakhomo la mbaula mpaka mpweya kusowa polowera.

*Mtengo.* Kumudzi amati nkhuni n'zaulere, koma amene amanena zimenezi nthawi zambiri si amene amakatola. Mbaula yadothi ndiyo chipangizo chotsika mtengo kuposa zonse zimene tikambe pano, ndipo magulu a amayi oumba amaipanga konkuno.

*Kupezeka.* Apa m'pamene pavuta. Tsanya ndiye nkhuni yabwino m'chigwa muno, yolemera ndi yosunga khala, koma wambiri wotsala ali m'malo otetezedwa ngati Lengwe, Majete ndi Mwabvi, kumene kudula ndi mlandu. Chimene banja lingadalire ndi nthambi zosadza ku nimu wa pakhomo, mitengo ya nandolo, mapesi a mapira ndi zitsononkho. Zimenezi pa kilogalamu sizisiyana kwambiri ndi nkhuni zina, kungoti n'zopepuka ndipo zimalilima msanga, choncho zimayenera mbaula yotchinga kuposa mafuwa. M'miyezi ya madzi osefukira, makamaka ku East Bank ndi ku Makhanga, nkhani siikhala kusowa kwa nkhuni kokha koma kunyowa kwake. Nkhuni yaiwisi imapereka mwina theka la mphamvu ya youma.

*Kasamalidwe.* Sanjani nkhuni pathandala, pansi pa denga, mvula isanayambe. Mbaula yadothi imang'aluka ikagwa kapena ikathiridwa madzi ili yotentha. Chotsani phulusa kuti mpweya uzilowa.

*Zoopsa.* Utsi, ndi ana ogwera pamoto. Pa utsi pali nkhani imene anthu a ku Chikwawa ayenera kuidziwa chifukwa inachitikira kwawo. Kafukufuku wotchedwa Cooking and Pneumonia Study, wotsogoleredwa ndi Liverpool School of Tropical Medicine, anatsatira ana oposa 10,000 a zaka zosafika 5 ku Chikwawa ndi ku Karonga. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi fani yoyendera mphamvu ya dzuwa, zoyaka bwino kuposa Chitetezo. Zotsatira zitatuluka kumapeto kwa 2016, chibayo mwa ana sichinatsike. Mbaula zinkawonongeka, mafuwa sanasiyidwe, ndipo ana ankapumabe utsi wochokera kwina. Choncho gulani mbaula yadothi kuti mupulumutse nkhuni ndi nthawi, koma musayese kuti yathetsa za utsi. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya mawindo akulu kukufunikabe.

Makala

Makala ndi nkhuni zimene zachotsedwa madzi ndi utsi, n'kutsala carbon yambiri. N'chifukwa chake kilogalamu yake ili ndi mphamvu pafupifupi kawiri kuposa ya nkhuni. Pa mbaula yabwino, ya dothi m'kati, malita 5 amawira ndi magalamu 200 okha. Ukaona nambala imeneyi umati makala apambana. Koma uvuni wadothi umene ambiri amaotchera umafuna makilogalamu 7 mpaka 10 a mitengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Werengani nokha: makilogalamu 8 a nkhuni ali ndi 128 MJ, makala otulukamo ali ndi 29 MJ. Magawo atatu mwa anayi a mphamvu ya mtengo amathera kuthengo, wophika asanayatse n'komwe. Magalamu 200 aja anachokera ku nkhuni zoposa kilogalamu imodzi ndi theka, kuwirikiza kawiri zimene mafuwa akanadya. Pa njira zonse zimene zili pano, iyi ndi imene ine ndimaiona yowononga kwambiri, ngakhale ili yokoma kwa wophika.

*Mtengo.* Umakwera m'dzinja ndipo thumba silikhala ndi sikelo. Pansi pake pamabisala fumbi, nthawi zina makala onyowa kapena osapsa bwino amene amafuka. Wogula timapepala ta tsiku ndi tsiku amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wogula thumba. Mbaula yachitsulo chokhachokha n'njotchipa pogula koma imataya kutentha m'mbali monse. Ya dothi m'kati imabweza ndalama zake m'miyezi yochepa.

*Kupezeka.* Pamsika uliwonse, kuyambira Dyeratu mpaka Nsanje boma. Koma lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 limaletsa kuotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala popanda chiphaso, ndipo ambiri a pamsika alibe chiphaso. Bizinesi imene ikudalira makala otere ikhoza kudzuka tsiku lina katundu walandidwa panjira.

*Kasamalidwe.* Kochepa. Sungani pouma, zimitsani otsala powatsekera m'chitini m'malo mowathira madzi.

*Zoopsa.* Carbon monoxide ija. Ilibe fungo, ilibe mtundu, ndipo imagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Makala amanyenga chifukwa safuka, munthu n'kulowetsa mbaula m'nyumba mvula ikamagwa kapena mu tenti kumisasa ya othawa madzi, n'kutseka chitseko. Mutu kupweteka, chizungulire ndi tulo tachilendo ndizo zizindikiro. Tulutsani munthuyo panja msanga ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Gasi wa m'silinda

Ndi propane ndi butane zopanikizidwa mpaka kukhala zamadzimadzi. Muli hydrogen wambiri ndipo mulibe okosijeni kapena chinyezi, n'chifukwa chake mphamvu yake pa kilogalamu ili pamwamba. Lawi limagunda pamphika penipeni ndipo limazima nthawi imene mwafuna, kotero kuposa theka la kutentha kumalowa m'chakudya. Malita 5 amawira ndi magalamu 60. Silinda ya makilogalamu 6 ikhoza kuchita zimenezi pafupifupi ka 100.

*Mtengo.* Kuyamba n'kowawa: silinda, chitofu, regyuleta ndi payipi, zonse nthawi imodzi, ndipo podzaza simungagule wa tsiku limodzi ngati makala. Mtengo wake amalengeza a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi, ndipo poti gasi amachokera kunja, amatsatira kwacha. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zoitanitsa zinakwera. Njira yoyerekezera ndi iyi. Kilogalamu imodzi ya gasi imafikitsa pafupifupi 25 MJ mumphika, ya makala 7 MJ. Ndiye kilogalamu ya gasi ikufanana ndi makilogalamu atatu ndi theka a makala. Pimitsani thumba lanu la makala pa sikelo ya ogula thonje kapena nandolo, pezani mtengo wa kilogalamu, chulukitsani ndi 3.5. Ngati yankho laposa mtengo wa kilogalamu ya gasi, makala akukudyerani ndalama.

*Kupezeka.* Musanagule silinda, dziwani kumene muzikadzazitsa, ndipo onjezerani ndalama ya ulendo pa masamu aja. Wa ku Chikwawa boma ali pafupi ndi Blantyre, makilomita ngati 50. Wa ku Marka kapena ku Fatima ali ndi nkhani ina, makamaka misewu ikaduka ngati mmene zinachitikira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Masilinda awiri ang'ono amathandiza kuposa imodzi yaikulu.

*Kasamalidwe.* Payipi ndi mphira wa pa regyuleta zimauma ndi kutentha kwa kuno. Pakani thovu la sopo polumikizira. Likatupa, gasi akutuluka. Lawi labwino ndi la buluu. Likakhala lachikasu ndi kudetsa mapoto, mpweya ukuchepa ndipo timabowo tafuna kutsukidwa.

*Zoopsa.* Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akatuluka amayala pansi m'malo mouluka. Mukamva fungo, tsekani pa silinda, tsegulani zitseko, musayatse machesi kapena kukhudza switchi. Silinda siidzazidwa mpaka pakamwa, amasiya malo chifukwa gasi amafufuma akatenthedwa, ndipo kuno kumene Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, ikhale pamthunzi, yoimirira.

Ethanol

Zimaoneka ngati njira imeneyi inapangidwira chigwa chino. Nzimbe za Illovo zili pa Nchalo, ndipo kampani ya PressCane imasandutsa molasesi, madzi okhuthala otsala popanga shuga, kukhala ethanol konkuno ku Chikwawa. Nzimbe imatenga mphamvu ya dzuwa n'kuisunga mu shuga, yisiti amasandutsa shugayo mowa, lawi n'kubweza mphamvuyo. Ethanol ali kale ndi okosijeni m'kati mwake, ngati kuti anapsako pang'ono, n'chifukwa chake mphamvu yake pa kilogalamu ndi 27 MJ poyerekeza ndi 46 ya gasi. Malita 5 a madzi amafuna mamililita ngati 130.

*Mtengo.* Malita awiri ndi kachidutswa amafanana ndi kilogalamu ya gasi. Lita ikadula kuposa theka la mtengo wa kilogalamu ya gasi, palibe phindu.

*Kupezeka.* Apa ndi pamene pagona vuto. Ethanol wambiri wa dziko lino amapita kokasakaniza ndi petulo ndi kumafakitale, ndipo kukhala pafupi ndi fakitale sikutanthauza kuti pagolosale pali wophikira. Musagule chitofu musanaone ndi maso anu wogulitsa amene amakhala naye chaka chonse. Kachasu sangalowe m'malo: madzi ake ndi ambiri, ndipo moto umathera kuwaphwetsa.

*Kasamalidwe.* Kochepa, bola botolo likhale lotseka chifukwa amauluka msanga.

*Zoopsa.* Masana lawi lake silioneka bwino, munthu amathira wina poganiza kuti chazima. Dikirani chitofu chizizire. Ethanol wophikira amathiridwa mankhwala kuti asamwedwe, ndiye asungidwe kutali ndi ana komanso ndi akuluakulu ena.

Gasi wa ndowe

Iyi ndi njira imene ndikuona kuti chigwa cha Shire sichinaipatse mpata wokwanira. Ndowe zikatsekeredwa m'thanki yopanda mpweya, tizilombo timaziola n'kutulutsa gasi amene pafupifupi 60 pa 100 ndi methane, gasi woyaka, wotsalayo carbon dioxide wosayaka. Tizilomboti timagwira ntchito bwino pa madigiri 30 mpaka 38. Ku Dedza mwezi wa Juni thanki imagona tulo. Ku Ngabu kutentha kumene timadandaula nako ndi kumene ikufuna. Ng'ombe nazo zilipo, kuposa madera ambiri a kummwera.

Kilogalamu ya ndowe zaziwisi imapereka malita ngati 40 a gasi, ndipo malita 1,000 a gasiyo ali ndi 21 MJ. Kuwiritsa malita 5 a madzi kumafuna ndowe zoposa pang'ono makilogalamu atatu. Banja lophika katatu lingafune makilogalamu 40 mpaka 50 patsiku. Koma ng'ombe zathu zimaswera kudambo, ndowe zambiri zimagwera komweko, ndipo zotoleka ndi za usiku m'khola zokha. Mabuku amene amati ng'ombe ziwiri kapena zitatu zikwana amanena za ng'ombe zodyera m'khola. Kuno werengerani khola la ng'ombe zingapo ndithu.

*Mtengo.* Kumanga ndi kodula kuposa njira zina zonse: njerwa, simenti, mapayipi ndi mmisiri wodziwa kupaka denga la thanki kuti lisatulutse mpweya. Ikatha, simugulanso chilichonse, ndipo zotsalira zake ndi manyowa abwino a kudimba. Mabanja oyandikana kapena sukulu yogonera pompo akhoza kugawana mtengowo.

*Kupezeka.* Ndowe ndi madzi, muyeso wofanana, tsiku lililonse. Ndiye kuti zidebe ziwiri kapena zitatu zoonjezera kuchokera kumjigo. Ngati mjigo uli kutali kapena umaphwa, ganizani kawiri. Ngati ng'ombe zimasamutsidwa nthawi ya madzi kapena ya chilala, thanki imafa ndi njala.

*Kasamalidwe.* Matanki ambiri amene anasiyidwa sanagumuke, anangosowa wowadyetsa. Pafunika munthu mmodzi amene ntchito imeneyi ndi yake. Khola likhale loti ndowe zisasakanikirane ndi mchenga, madzi a sopo ndi a dibi asalowemo, ndipo madzi amene amadikha m'payipi azikhetsedwa.

*Zoopsa.* Methane ndi wopepuka, amauluka, choncho saopsa ngati gasi wa m'silinda m'khitchini yopita mphepo. Choopsa ndi kulowa m'thanki pokonza, chifukwa mulibe mpweya wopuma. Ndipo osamanga pamalo pamene madzi amafika. Thanki yapansi ikadzaza matope a Shire kapena a Mwanza, ntchito yonse yabwerera pambuyo.

Magetsi, mwachidule

Apa palibe choyaka. Mphamvu ndi ya madzi a Shire akugwa pa Kapichira, Tedzani ndi Nkula. Yuniti imodzi ya magetsi ndi 3.6 MJ, ndipo pa hotipuleti malita 5 amafuna mayuniti 0.6 kapena kuposa pang'ono; mayuniti ngati 11 ndiwo kilogalamu ya gasi. *Mtengo* wake nthawi zambiri umapikisana bwino ndi makala ogula, makamaka ndi poto wa magetsi wotseka mpweya, amene amasunga nthunzi yonse m'kati n'kupsetsa nyemba msanga. *Kupezeka* ndi kwa okhawo amene ali pa waya wa ESCOM, ndipo aliyense akukumbukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa miyezi yoposa 12. *Kasamalidwe* ndi *zoopsa* zili pa mawaya: soketi yofooka imatentha n'kuyatsa nyumba.

Ndani atenge chiyani

Banja la kumudzi lopanda ng'ombe, lodalira mapira, nandolo ndi thonje: mbaula yadothi, nkhuni zosanjidwa pathandala, nimu wosadza pakhomo, ndi chivundikiro pamphika uliwonse. Kusamukira ku makala kungakuonjezereni ndalama zotuluka popanda phindu.

Wokhala ndi khola lalikulu pamalo okwera, mjigo uli pafupi, ngati madera ena a ku Ngabu ndi Chapananga: gasi wa ndowe, koma mbaula yadothi isatayidwe, idzafunika pa maliro ndi pa ukwati pamene miphika ndi yaikulu.

Wapantchito wa lendi pa Nchalo, Chikwawa boma kapena Bangula, nyumba ili ndi magetsi: poto wa magetsi wa nyemba ndi nyama, silinda yaing'ono ya tiyi, ndiwo ndi nsima magetsi akazima. Ngati nyumba ilibe magetsi, chitani masamu a 3.5 aja musanagule thumba lina.

Wophika zogulitsa, amene moto wake suzima kuyambira m'mawa: mbaula yomanga ya njerwa yokhala ndi chumuni, mphika wolowa m'kati, nkhuni zogula kwa odzala mitengo. Gasi akhale wa zofulumira monga mazira ndi tiyi.

Wa ku East Bank, Makhanga ndi m'mbali mwa Dambo la Ndindi, kumene chaka chilichonse madzi akhoza kukusamutsani: musakwirire ndalama pansi ndi thanki. Mbaula yonyamulika ndi nkhuni zouma zosungidwa pamwamba ndizo zoyenera, ndipo ngati mwafika pamsasa ndi makala, mbaula ikhale kunja kwa tenti. Ethanol muyeseni pokhapokha wogulitsa wodalirika akapezeka pamsika wanu.